Wofiira Uti, Alamu?

Loweruka la chikondwerero cha kanivali, mashopu onse a mumzinda wa Barranquilla atatseka, Don Eusebio Cantillo wa kudera la Rebolo anakhala pabenchi pake atang'amba mimba ya ampulifaya ya Ng'ona Yogontha, chilimba chake chachikulu chomwe folo koloko madzulo chinkayenera kugwedeza msewu pa phwando la mdzukulu wake Yuranis, yemwe ankakwanitsa zaka khumi ndi zisanu. Pamapazi pake panali beseni lochapira lodzaza ndi timarezisita, tizida tochepetsa mphamvu ya magetsi, tosakanikirana ngati mpunga ndi nyemba, mphatso yomwe mkazi wake Griselda anamusiyira Lachitatu asananyamule chikwama ulendo wa kwa mkulu wake.

Mlandu wake unali wa pakamwa. Patebulo la masewera a domino, mabotolo atatu atalowa, Eusebio anauza anzake kuti zaka makumi anayi wakonza mawailesi yekhayekha, ndipo mkazi m'shopu ntchito yake ndi kubweretsa khofi basi. Griselda anamva ali pawindo. Anangosolola madirowa onse amene anasanja ndi kulemba ndi dzanja lake, n'kuwakhuthulira m'beseni limodzi ndi limodzi, mosapupuluma. Ankadziwa pomenya. Kukula kwa karezisita kumalembedwa ndi mizere yamitundumitundu, ndipo m'maso mwa Eusebio chofiira, chofiirira ndi chobiriwira zonse zinali matope amodzi chibadwire. Zaka zonsezi mizereyo ankamuwerengera ndi Griselda, monong'ona, kasitomala akayang'ana kumbali. Tsopano mu ampulifaya munapsa timarezisita tinayi ta 0.22, tochepa mphamvu kosakwana ndi kotala ya omu imodzi, muyezo wa marezisita, ndipo tolowa m'malo mwake tinali penapake m'beseni.

Cha m'ma leveni kunafika Hortensia, mkulu wake wa Griselda, telala wa zaka zambiri, tepi ili m'khosi, mapini ali pakolala. Mayi ameneyu ukamufunsa ngati ali ndi nthawi amayankha kuti ali nayo, n'kupitiriza ulendo.

"Odi, alamu. Ndabwerera nsapato za Griselda, zovinira zija."

"Lowani, alamu, lowani. Kumeneko akuti bwanji?"

"Akuti nsapato."

"Za ine sananene kanthu?"

"Ananena."

Eusebio anadikira. Hortensia nayenso anadikira. Bamboyo anaona kuti njira imeneyi ndi yaminga, ndiye anaisiya. Anatola karezisita kamodzi konenepa m'beseni, n'kupempha mlamu wakeyo, ngati nkhani yongodutsa, kuti amuwerengereko mizere, poti magalasi ake sakudziwa kumene wawaika.

"Ali pamphuno panu."

"Awa ndi oonera patali."

Hortensia analandira karezisita kaja, anatuluka pakhomo, anadutsa bwalo mpaka pampanda, n'kukakweza m'mwamba.

"Mukukaona tsopano?"

"Bwererani kuno, alamu."

"Ndipite patali ndithu?"

"Ndati bwererani. Khalani apa. Mzere woyamba ndi wamtundu wanji?"

Mayiyo anakatembenuza pakuwala kwa pawindo, diso limodzi atatsinzina.

"Wa gwafa."

"Gwafa kunja kapena m'kati?"

"M'kati."

"Ndiye wofiira."

"Ayi. Wa gwafa."

"Koma gwafa m'kati ndi wofiira."

"Wofiira uti, alamu?"

Eusebio anati wofiira ndi mmodzi, Mulungu sanalenge awiri. Hortensia anamuuza kuti m'kabati mwake muli ulusi wofiira wa mitundu khumi ndi inayi, ndipo tsiku lomwe anakhulupirira mawu akuti wofiira anasokera mtsikana wina diresi ya tomato pamene iye ankafuna ya vinyo. Mtsikanayo analira mpaka amayi ake anabwera ndi tsache. Kuyambira pamenepo mawu amenewo sawatchula popanda umboni.

"Chabwino. Wachiwiri?"

"Wa njerwa."

"Yootcha?"

"Yootcha, koma yovumbidwa ndi mvula."

"Imeneyo ndi yofiira kapena yofiirira?"

"Zimatengera mvula."

Eusebio anapukuta thukuta ndi chinsanza chopukutira mafuta, chipumi n'kusanduka chakuda. Anafotokoza mofatsa, ngati wansembe, kuti chofiira ndi 2 ndipo chofiirira ndi 1, ndipo pakati pa ziwirizi palibe mvula. Kenako anafunsa za mzere wachitatu, umene umanena ngati ndi kachidutswa ka omu kapena maomu athunthu. Siliva ndiye ankafunika, osati golide.

"Uwu ndi wa dzino la malemu amalume Fulgencio."

"Dzino lawo linali lagolide kapena lasiliva?"

"Iwo ankati lagolide."

"Nanga inu mukuti bwanji?"

"Ine sindinena za akufa."

Apa Eusebio analanda karezisita kaja n'kunena kuti zikomo, akatenge nsapato zawo, iye ali ndi mita, ndipo mita ilibe magwafa kapena amalume. Anakoka mita yake yakale yachikasu ya zingwe zomangamanga ndi tepi wakuda, n'kugunditsa nsonga ziwiri pamiyendo ya karezisita. Panatuluka 0.6. Anakaponya pawindo. Kachiwiri kanati 0.7, pawindo. Kachitatu 0.6, pawindo. Panja nkhuku inayamba kuthamangira chilichonse chogwa, kujompha, n'kuyang'ana kuwindo mokhumudwa.

Hortensia anapeza nsapato, anaziika m'thumba, koma sanapite. Anaima kumbuyo kwa mlamu wake kuonerera.

"Mukufuna nambala yanji?"

"0.2."

"Mwataya tingati?"

"Makumi atatu. Tonse n'takufa. Mng'ono wanu wakhala akusunga zinyalala m'madirowa anga."

"Tinafa liti?"

"Ndi kayankhulidwe chabe, alamu."

"Oo. Ndiye sitinafe."

"Tinafa."

Mayiyo anazula pini pakolala n'kumupempha kuti ayeze iyo. Eusebio anayeza kuti amutseke pakamwa, ndipo mita inati 0.4. Hortensia anatulutsa sizasi m'thumba la epuloni. Mita inati 0.5. Anafunsa ngati zikutanthauza kuti sizasi yake ndi rezisita, ndipo ngati ndi choncho, yamoyo kapena yakufa, chifukwa Lolemba ali ndi ntchito nayo. Eusebio anati chitsulo chilichonse chimakanizako magetsi pang'ono, izi ndi za anthu ophunzira.

"Nanga popanda kanthu?"

"Popanda kanthu chiyani?"

"Yezani popanda kanthu."

"Munthu sayeza popanda kanthu, alamu. Inu munayezapo chiuno cha munthu amene sanabwere?"

"Kawiri. Anatumiza buluku."

Foni inalira m'chipinda. Anali Yuranis, mawu ali pamwamba ndi chimwemwe. Anati msewu autseka kale ndi zingwe, anthu apachika mapepala, mphika wa msuzi wa sancocho ukuwira, ndipo anzake onse akusukulu wawauza kuti nyimbo yoyamba avina ndi agogo ake, pa chilimba cha agogo ake, osati chobwereka. Anafunsa ngati Ng'ona ili bwino. Eusebio anati Ng'ona sinadwalepo chibadwire. Anaika foni.

Pobwerera anapeza Hortensia atakhala pampando wake, nsonga ziwiri za mita atazigunditsa zokhazokha.

"Alamu, pakati apa palibe kanthu."

"Siyani zida zanga."

"Palibe kanthu, koma akuti 0.4."

Eusebio anawerama. Analidi 0.4, wakuda bii, wosagwedezeka. Hortensia anavula tepi yake m'khosi n'kumuonetsa kumapeto kwake. Inali yoduka. Anati anaidula mwangozi ndi sizasi zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, ndipo imayambira pa 3. Choncho tepi ikanena kuti chiuno cha mayi ndi 93, iye amalemba 90, ndipo makasitomala ake onse amamukonda osadziwa chifukwa.

"Tepi yanu nayonso ili ndi zake, alamu. Iyi 0.4 ndi ya zingwe zanuzi. Sikuti ndi ya tinthu mukutayato."

"Ndikudziwa."

"Ndiye 0.6 kuchotsa 0.4."

"Ndati ndikudziwa."

"Ndi 0.2."

"Ndimafuna ndione ngati muzindikire."

"Nkhuku nayonso mumaiyesa?"

Choona chake, Eusebio anaziphunziradi zimenezi ali mnyamata, kwa mphunzitsi wina yemwe ankamenya zala ndi rula aliyense woyeza timaomu tating'ono asanagunditse kaye nsonga. Koma zaka makumi anayi dzanja la Griselda linkamuikira kachinthu koyenera m'manja asanamalize kukatchula, ndiye mutu unaiwala. Anatuluka panja, anagwada m'fumbi dzuwa lili paliwombo, n'kuyamba kutola timarezisita take, akulimbirana ndi nkhuku. Hortensia ankamulozera ali pawindo. Anamuuza kuti kena kali pansi pa bondo lake, ndiponso kuti kena nkhuku yameza, asavutike kukafuna.

Atabwerera pabenchi mtima unakhala m'malo, ndipo mtima wa Eusebio ukakhala m'malo pakamwa pamatseguka. Anayeza kamodzi, 0.6. Anayeza kena, 0.6. Anaimba kaluzu.

"Mwaona? Nzeru basi. Mukamuuze mng'ono wanuyo kuti Eusebio Cantillo safuna maso a munthu."

"Eusebio Cantillo safuna maso a munthu," Hortensia anabwereza pang'onopang'ono, akunyamula thumba. "Ndinene choncho ndithu, kapena ndiyambe ndi moni?"

"Dikirani kaye."

"Ndikadikira ndiiwala."

"Iwalani."

Chomwe chinamuimitsa chinali pamita. Nambala inayamba kuvina. Akakanikiza nsonga mwamphamvu, 0.6. Akafewetsa dzanja, 0.7. Akapuma mpweya, 0.5. Anapala nsonga ndi mpeni, anapotokola zingwe, anamenya mita pabenchi, koma kuvina sikunathe. M'beseni munali ta 0.22, ta 0.27, ta 0.33, tonse tonenepa mofanana, ndipo mita yake yokalambayo sikanatha kutisiyanitsa. Tinayi tija tinkayenera kufanana ngati mapasa. Kamodzi kakasiyana, katundu sagawanika bwino, tiranzisita imodzi, kachida kokuza mawu, imasenza za anzake, imatentha, ndipo Ng'ona ikanatha kutsokomola utsi pakati pa nyimbo yoyamba, Yuranis ali m'manja mwake, Griselda ataima potero atapinda mikono, anzake a domino onse alipo.

Wotchi inati kota pasiti thu. Anthu a ngolo yonyamula masipika anali atanena kuti afika fili koloko. Kumsewu kunadutsa gulu la ng'oma ndi zitoliro, anthu atadzola ufa kumaso, akuseka ngati padziko palibe marezisita.

Eusebio anayesanso njira yakale. Anakweza kamodzi.

"Aka?"

"Papaya, papaya, mamba a nsomba."

"Aka?"

"Tomato, biringanya, mamba a nsomba."

"Alamu, ndikufuna magetsi, osati ndiwo."

"Inu mukuona chiyani?"

"Ine ndikuona bwinobwino."

"Ndiye mukundifunsiranji?"

Funso limeneli Hortensia sanalifunse mwachipongwe. Ankafunadi kudziwa, ndipo n'chifukwa chake linalasa. Eusebio anadzuka, anatseka chitseko, anatseka windo, anasuzumira kuseri kwa sipika ngati mungabisale munthu. Anakhala pansi, anavula magalasi, n'kuyang'ana m'beseni. Mawu anatuluka aang'ono, osayenera bambo wa chilimba chogwetsa mapoto m'makhitchini a anthu.

"Alamu, ine mitundu sindiiona. Sindinaionepo. Tomato ndi tsamba lake kwa ine n'chimodzimodzi. Mawailesi onse aja, ma TV onse aja, Ng'ona yomweyi, mizere ankawerenga ndi Griselda. Ine ndinkangowotcherera. Popanda maso ake ndine munthu wogwira chitsulo chamoto basi."

Hortensia anagwedeza mutu kamodzi, ngati wauzidwa kuti basi yachedwa.

"Chabwino. Sampulo muli nayo?"

"Sampulo yanji?"

"Munthu akafuna ulusi amabwera ndi kansalu. Mwandivutitsa mmawa wonse ndi mayina. Kofanana ndi kamene mukufuna kali kuti?"

Eusebio anatsegula pakamwa kuti anene kuti tinayi tonse tinapsa kukhala makala, koma anatseka. Ampulifaya ili ndi mbali ziwiri, ndipo inapsa ndi yakumanzere yokha. Anaitembenuza. Kumanja kunali tinayi tamoyo, tili pamzere, mizere ili mbee. Analoza ndi chala.

"Ngati iti?" anatero Hortensia. "Tomato, tomato, mamba a nsomba, dzino la amalume. Bwanji osanena kalekale?"

Anakoka beseni, analiika pamiyendo, n'kuyamba kusankha ngati akutola miyala mu mpunga. Kalikonse ankakagunditsa pa sampulo, kukayang'ana pakuwala, kukaponya uku kapena uko. Pasanathe mphindi zisanu tinayi tinali pabenchi. Kachisanu anakabweza, ati tomato wake ndi wadzulo. Eusebio anagunditsa kaye nsonga za mita, poyera, mosachita manyazi, kenako anayeza tinayi tonse pamodzi ndi ta sampulo, ndipo tonse tinavina mofanana. Anawotcherera manja ali phee, chifukwa pa ntchito imeneyo yokha panalibe womuposa mu Rebolo monse. Analumikiza sipika imodzi, anapemphera mwachidule, n'kuyatsa.

Ng'ona inabangula. Windo linanjenjemera, fumbi linagwa kudenga, mapini a Hortensia analira pakolala, nkhuku inalumpha mpanda osabwereranso tsiku limenelo. Eusebio anaika chala pa matiranzisita imodzi ndi imodzi. Onse anali ofunda mofanana. Anazimitsa, anakhala pansi, n'kupukuta maso ndi chinsanza chija, akunamizira utsi.

Kenako ananena, osayang'ana mlamu wake, kuti uthenga uja wasintha. Akamuuze Griselda kuti zomwe ananena pa domino zinali zopusa, ndipo azikonza pa domino pomwepo, pamaso pa anthu omwewo.

"Griselda anati mukatchula za maso ake, ndikuuzeni kuti chikwama chija n'cholemera, sangabwere nacho yekha. Mukachinyamule inu phwando likatha."

"Anakuuzani liti zimenezi?"

"Mmawa."

"Ndiye bwanji simunanene pofika?"

"Munali musanatchule."

Eusebio anaseka koyamba chichokere Griselda Lachitatu. Koma chimwemwe chitakhazikika, ulemu wake unadzukanso. Anagwira dzanja la Hortensia n'kumupempha kuti alumbire pa manda a amayi ake kuti za maso akezi zithera m'chipinda momwemo. Pa domino akanena kuti Griselda amamuthandiza, basi. Zinazo ndi chinsinsi cha banja.

"Ndibisire ndani?"

"Aliyense."

"Aliyense akudziwa, alamu."

"Akudziwa chiyani?"

"Kuti simuona mitundu."

"Griselda anaulula?"

"Ayi. Nyumba."

"Nyumba yatani?"

"Ndi yapepo."

Eusebio anati nyumba yake ndi yabuluu, buluu waulemu, anapaka yekha ndi manja ake chaka chomwe anabadwa mwana wawo woyamba, ndipo amabwereza penti yemweyo zaka zisanu zilizonse. Hortensia anafunsa amene amakagula pentiyo. Mayiyo anati Griselda amakonda pepo kuyambira ali mwana, ndipo oyendetsa mabasi onse amadziwa kuti munthu akati atsike pa biringanya, ndiye kuti pakhomo pa Don Eusebio. Anati anthu sanena chifukwa amamukonda, komanso chifukwa mawailesi awo amachira.

Panja panamveka ngolo ndi mawu a anthu onyamula masipika. Eusebio anawatsegulira, anawalozera zonyamula, maso ake akuzemba khoma la nyumba yake. Kenako analowa kuchipinda mwakachetechete. Anatuluka atanyamula suti pa hang'ala, akuisasa fumbi pamapewa, msana ataongola.

"Aseke nyumba, zilibe kanthu. Ine kwa mdzukulu wanga ndipita ngati munthu. Suti yakuda siinamiza mwini wake. Iyi ndaikira nayo m'manda bambo anga, apongozi anga, ndi anzanga asanu ndi awiri."

Hortensia anayang'ana sutiyo, kenako anayang'ana kudenga.

"Munasoka ndinu, alamu. Mwakhala chete bwanji?"

"Simunafunse kanthu."

"Ndikufunsa. Ndi yakuda?"

"Nsalu anabweretsa ndi Griselda. Inali yotchipa."

"Alamu."

"Ndi ya vinyo. Padzuwa imapita ku tomato."

Eusebio anakhala pa sipika yomwe anthu a ngolo anali asananyamule. Anaona m'maganizo mwake maliro onse asanu ndi anayi, iye ali kutsogolo, atanyamula bokosi, nkhope ili yachisoni. Anafunsa motsitsa mawu chifukwa chake panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuuza. Hortensia anati amasiye ankati zimawathandiza, chifukwa pamaliro pamafunika kena kake koti munthu ayang'ane. Ananyamula thumba la nsapato, anaima pakhomo, n'kucheuka.

"Valani, alamu, musachedwe. Chisokereni suti imeneyi, lero n'koyamba kupita kumalo oyenera."